Funsani Malume: amawapeza bwanji ana a ku Brazil, nanga athuwa bwanji?

Makalata a mwezi uno akukhala ngati munapangana. Ndasankha atatu, ochokera pa Lizulu, ku Bembeke ndi ku Linthipe, ndipo ndikuyankha nditafunda chibulangete masana ano, poti kuno ku Dedza chisanu chayamba kale kuluma zala.

FUNSO: A Malume, ine ndili ndi vidiyo sho pa Lizulu. Loweruka lapitali makasitomala anga anatsala pang'ono kuswa mabenchi. Ena akuti Real Madrid inagula Endrick ali ndi zaka 16, ena akuti ndi bodza chifukwa tinayamba kumuona atavala zoyera ali mnyamata wamkulu kale. Akunena zoona ndani? Komanso azungu amenewa amawadziwa bwanji ana okhala kutali chonchija? Mwini vidiyo sho, Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Achimwene, auzeni asiye mabenchiwo, onse akunena zoona. Endrick anabadwa mu July 2006. Real Madrid inagwirizana ndi timu yake ya Palmeiras ya ku Brazil mu December 2022, mwanayo ali ndi zaka 16, koma anakhalabe kwawo akusewerera Palmeiras yomweyo mpaka July 2024 pomwe anakwanitsa zaka 18. Apo m'pamene anakwera ndege.

Inu a pa Lizulu nkhaniyi simuyenera kuvutika nayo, chifukwa mumaiona chaka ndi chaka. Venda wochenjera sadikira kuti mbatatesi ifike pamsika. Amalowa m'munda ikadali yamasamba, n'kufukula phando limodzi kapena awiri, n'kupangana mtengo ndi mlimi pomwepo. Mbatatesiyo imatsala m'nthaka ya mlimi, mlimi yemweyo ndiye amathirira ndi kupopera, koma mwini wake ndi wina. Akadikira kuti ikumbidwe, amapeza mavenda anzake khumi ataizungulira, mtengo utakwera. Matimu a ku Ulaya akuchita zomwezo ku Brazil, Argentina, Uruguay, Ecuador ndi Colombia.

Chimene chimawaletsa kunyamula mwanayo tsiku lomwelo ndi lamulo la FIFA, ndime 19 ya malamulo a kasamutsidwe ka osewera, lomwe limati wosewera asasamukire ku timu ya dziko lina asanakwanitse zaka 18. Si lamulo la pakamwa chabe. Barcelona inalangidwa nalo mu 2014, Real Madrid ndi Atlético Madrid mu 2016, Chelsea mu 2019, onsewo kuletsedwa kulembetsa osewera atsopano kwa kanthawi. Zija za Messi, wochoka ku Rosario ali ndi zaka 13 pambuyo poti Carles Rexach wa ku Barcelona walemba lonjezo pa kapepala kopukutira pakamwa mu December 2000, zinachitika chipata chisanatsekedwe chonchi.

Ndiye njira yatsala ndi ya venda ija. Vinícius Júnior anagulidwa mu May 2017 pa mayuro pafupifupi 45 miliyoni, patangopita masiku ochepa atasewera gemu yake yoyamba mu timu yaikulu ya Flamengo. Tangoganizani, mwana wa zaka 16, woti kwathu kuno akanakhala akulimbana ndi Fomu 3. Anafika ku Madrid mu 2018. Rodrygo wa ku Santos anatsatira njira yomweyo, mgwirizano mu 2018, ulendo mu 2019. Chelsea nayo inaphunzira, inakasungitsa Kendry Páez ku Ecuador mu 2023 ndi Estêvão ku Palmeiras mu 2024, onse obadwa mu 2007.

Tsono amawadziwa bwanji? Apa ndikhalitsepo, chifukwa ambiri timaganiza kuti mzungu amangoyenda ndi kamera m'makwalala a Rio, n'kuona kamwana kakuthyola anzake ndi mpira wachikulunga, n'kukatenga. Ayi. Ana amenewa amakhala ali m'manja mwa matimu kuyambira ali aang'ono kwambiri, dzina, tsiku lobadwa ndi gemu iliyonse zili m'kaundula. Mu January chaka chilichonse ku São Paulo kumakhala mpikisano wa achinyamata wotchedwa Copinha. Matimu oposa 100 amakumana kumeneko, ndipo fainolo imaseweredwa pa 25 January, tsiku lokumbukira kukhazikitsidwa kwa mzindawo. Kwa anthu osaka osewera, amene timawatcha masikauti, umenewo ndiye msika wa Lizulu weniweni, katundu yense ali poyera. Palinso mipikisano ya mayiko a ku South America ya osapitirira zaka 17 ndi zaka 20, komwe mwana amaonekera ngati angapirire atavala yunifomu ya dziko lake.

Amene sanapite kubwalo amaonera pa kompyuta. Pali kampani ngati Wyscout, yomwe inayambira ku Italy, imene imasunga makanema a magemu a m'mayiko ambirimbiri atawaduladula kale. Munthu ali mu ofesi ku Brighton angathe kuitanitsa mapasi onse amene mnyamata wa ku Quito anaponya chaka chathachi, kapena nthawi zonse zimene analandidwa mpira, n'kumaona chimene anachita atalandidwa: anathamangira kukaulanda, kapena anaima n'kugwira m'chiuno? Makinawo akasefa, m'pamene amatumiza munthu kukaona ndi maso. Ndipo ntchito ya munthuyo siithera pabwalo. Juni Calafat, mkulu wa masikauti a Real Madrid, anatchuka chifukwa chofika mpaka pakhomo, kudziwana ndi makolo ndi kudya nawo, kuti tsiku limene matimu asanu adzagogode, banja lidzakhale litasankha kale. Ankhoswe a ukwati akudziwa zimene ndikunena.

Chikuwathamangitsa n'chiyani? Mtengo. Brighton inatenga Moisés Caicedo ku Independiente del Valle ya ku Ecuador kumayambiriro a 2021 pa mapaundi osafika 5 miliyoni, n'kuyamba yamubwereketsa ku Beerschot ya ku Belgium. Mu August 2023 Chelsea inamugula pa mapaundi 115 miliyoni. Benfica inatenga Enzo Fernández ku River Plate ya ku Argentina pakati pa 2022, mnyamatayo n'kukawina chikho cha dziko lonse ku Qatar, ndipo pakutha pa January 2023 anali atagulitsidwa ku Chelsea pa mayuro 121 miliyoni. Sanathe ngakhale chaka chimodzi ku Lisbon. Kale matimu akuluakulu ankasiya Porto ndi Benfica, matimu a ku Portugal, kuti ziyambe zalawa, poti chinenero n'chimodzi ndi Brazil ndipo Chisipanishi sichitalikirana ndi Chipwitikizi. Ndi mmene anadutsira Di María, David Luiz, Falcao ndi James Rodríguez. Atatopa ndi kugula katundu kwa venda, anaganiza zolowa okha m'munda.

Ku England kunawonjezekera china. Dzikolo litatuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kuyambira 2021 lamulo linayamba kufuna kuti wosewera wakunja apeze chilolezo pa mapointi, kaya ndi Mfalansa kaya ndi wa ku Paraguay, ndipo amene wasewera mu Copa Libertadores, mpikisano waukulu wa matimu a ku South America, amapeza mapointi ambiri. Mwayi umene azungu anzawo anali nawo unatha, maso onse n'kutembenukira kutsidya kwa nyanja.

Koma achimwene, pa sikirini yanuyo mumangoonetsa mbatatesi imene inabereka. Ilipo yambiri imene inaola. Keirrison anagulidwa ndi Barcelona mu 2009 ndipo sanaseweremo gemu ya mpikisano ngakhale imodzi. Reinier anachoka ku Flamengo mu January 2020 pa mayuro 30 miliyoni, n'kumangoyendetsedwa pa ngongole, Dortmund, Girona, Frosinone, Granada, osavalako yoyera ya timu yaikulu pa gemu ya ligi. Gabriel Barbosa anapita ku Inter Milan mu 2016 ndi ng'oma ndi nthungululu, anamwetsa chigoli chimodzi chokha, n'kubwerera. Iyeyu mwayi wake anadzuka, ndi amene anamwetsa ziwiri zija mu fainolo ya Libertadores ya 2019 ku Lima. Ndipo pansi pa onsewa pali ana zikwi amene mayina awo sitidzawamva. Pa 8 February 2019 moto unabuka pamalo ogona achinyamata a Flamengo, ana 10 a zaka za pakati pa 14 ndi 16 anafera m'tulo. Ambiri mwa iwo anali ochokera kutali ndi Rio, atasiya makolo kuti adzakhale ngati Vinícius, amene anali atachoka pa timu yomweyo miyezi yochepa m'mbuyomo. Makasitomala anu akadzayambanso kukangana za mamiliyoni, mudzawauzeko imeneyonso.

FUNSO: Zikomo a Malume. Ndine mayi wa ku Bembeke. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 15, ali Fomu 2, ndipo anthu amati mpira amautha. Pa bonanza ina kunabwera bambo wovala bwino amene anati ndi ejenti, amatumiza ana ku Portugal kudzera ku Tete monga amachitira ana a ku Brazil. Akufuna ndalama ya pasipoti, ya ndege ndi ya mayeso. Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, akuti tigulitse ng'ombe ziwiri ndi dimba la kudambo. Mwanayo sakugonanso tulo. Ndichite bwanji? Mayi wodandaula, Bembeke, Dedza.

YANKHO: Mayi, ng'ombezo zisiyeni m'khola, dimbalo dzalanimo kabichi. Munthu ameneyo ndi dobadoba.

Sindinamuone, koma zaka za mwana wanu zokha zandiuza. Lamulo ndatchula pamwambali silisankha, limagwira mwana wa ku São Paulo ndi wa ku Bembeke chimodzimodzi. Ngati Real Madrid ndi ndalama zake zonse inadikira Endrick chaka ndi theka, bambo wa pa bonanzayo ali ndi mphamvu yanji yolowetsa mwana wa zaka 15 mu timu ya ku Portugal? Mipata imene lamulolo limasiya ndi yochepa. Waukulu ndi woti makolo asamukire kudzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira. Wina ndi wa ana a zaka 16 mpaka 18 osamuka pakati pa mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, n'chifukwa chake anyamata a ku Argentina amene agogo awo anachokera ku Italy kapena ku Spain amalimbirana mapasipoti a kumeneko. Wachitatu ungakusekeni: mwana wokhala pa mtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pamalire angasewerere timu ya tsidya linalo ngati nayonso ili pafupi chomwecho. Kunena kwina, lamulo lingalole mwana wanu kukasewera ku Ulongwe wa ku Mozambique n'kumagona ku Bembeke. Za Lisbon ayi.

Chachiwiri, timu imene ikufunadi mwana imalipira yokha. Imalemba kalata yomuitana, kalatayo imadzera ku timu yake ndi ku FAM, tikiti ndi malo ogona zimakhala za oitanawo. Venda weniweni sauza mlimi kuti ndipatse ndalama kuti ndikugule mbatatesi yako. Chachitatu, kuyambira 2023 ejenti aliyense amayenera kukhala ndi chiphaso cha FIFA, ambiri amachipeza atalemba mayeso, ndipo mayina a amene ali nacho amaikidwa poyera pa intaneti. Mufunseni dzina lake lonse ndi nambala ya chiphasocho, mupemphe aphunzitsi a mwanayo afunse ku FAM ku Chiwembe. Mudzaona foni yake ikuyamba kusapezeka.

Ndikulankhula ndi mtima wowawa chifukwa zinandionekera. Ndikuphunzitsa pa sukulu ina kuno, ndinali ndi mnyamata wamanzere woti akagwira mpira, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa ankasiya malichero n'kuimirira. Kunabwera munthu wotere, wa nsapato zosongoka. Ine ndemwe, mphunzitsi wa zamasewero, ndinaperekeza bambo a mwanayo kukagulitsa ngolo. Mwanayo anafikadi ku Johannesburg, anamusiya pa nyumba ina pamodzi ndi anyamata ena a mayiko osiyanasiyana, mayeso osachitika, pasipoti ili m'thumba la mwini ulendo. Anabwera patatha zaka ziwiri pa basi ya anthu othamangitsidwa, sukulu itamudutsa, bondo litatupa. Timakumana pa boma, amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayang'ana pansi.

Musamuphe mtima mwanayo. Mukamuuze za Luis Díaz. Anakulira ku Barrancas, dera louma ndi losauka la ku Colombia, wa mtundu wa Wayuu. Mu 2015, ali ndi zaka 18, anaonekera pa mayeso osankha timu ya anthu a mitundu ya makolo a dzikolo, ali woonda moti makochi ankada nkhawa ndi thupi lake. Sanadumphire ku Ulaya. Anayamba timu yaing'ono ya mu mzinda wa Barranquilla, kenako Junior, mu 2019 Porto, mu January 2022 Liverpool. Athu amene anafika kutali anakweranso makwerero omwewo. Esau Kanyenda anadzera ku Jomo Cosmos asanakafike ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow. Gabadinho Mhango anaonekera ku Bullets asanapite ku South Africa. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, kunja anayambira timu yaing'ono ku Sweden, n'kudzera ku China, asanakhale womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Masiku ano Super League inafika pa Dedza Stadium pompano, mwana wanu sasowa poyambira kuonekera. Alembe JCE, asewerere sukulu, alowe timu yolembetsedwa ya achinyamata.

Kwa eni mbumba mupite nayo mwaulemu nkhaniyi, poti nawonso akufunira mphwawo zabwino. Muwawerengere yankho lino, mukanene kuti wakana ndi Malume wa m'magazini, mlandu ukhale wanga.

FUNSO: Malume, ndimaphunzitsa timu ya ana m'mudzi mwathu, mipira ndimagula ndi ndalama yanga ya kabaza. Ndinamva kuti ku South America timu imene inalera mwana imalandira kenakake akagulitsidwa ku Ulaya. Ndi zoona? Nanga ife tingalandire? Kochi wa ana, Linthipe, Dedza.

YANKHO: A kochi, ndi zoona, ndipo lamulolo si la ku South America kokha. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 pa 100 iliyonse ya mtengowo imapatulidwa n'kugawidwa kwa matimu onse amene anamulera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23, aliyense molingana ndi nthawi imene anakhala naye. Pa mayuro 121 miliyoni a Enzo Fernández aja, gawo limeneli lokha likuposa 6 miliyoni. Kuyambira kumapeto a 2022 FIFA inatsegula ofesi ku Paris yoti ndalama zoterezi zizidzera kumeneko, kuti matimu aang'ono asamaponderezedwe. Matimu ochenjera amawonjezeranso mawu mu kontirakiti oti mwanayo akadzagulitsidwanso, iwo adzadyeko. River Plate inachita zimenezo pa Enzo.

Koma ndalamayo imatsata kaundula. Imapita kwa timu imene ili yolembetsedwa ku bungwe la mpira la dziko lake, ndipo mwanayo analembedwa m'dzina la timuyo, chaka chakuti mpaka chakuti. Ngati timu yanu imangodziwika pa bonanza ya phungu, ngakhale mutamulera mwana zaka zisanu n'kumamugulira sopo, pa pepala simulipo. Adzadya ndi amene anayamba kumulemba ku tauni.

Apa m'pamene anzathuwa anatisiyira, osati pa luso la miyendo. Independiente del Valle si timu ya mbiri yakale ngati Flamengo. Ndi ya ku Sangolquí, kunja kwa mzinda wa Quito, ndipo zaka zapitazo inali m'maligi apansi. Eni ake anaika ndalama pa ana: malo ogona, chakudya, sukulu, mabwalo, ndi anthu oyenda m'madera osauka ngati Esmeraldas kukasaka. M'menemo mwatuluka Caicedo, Piero Hincapié, Willian Pacho amene anawina Champions League ndi PSG mu 2025, ndi Páez uja. Timuyo inatenganso Copa Sudamericana, chikho china cha matimu a ku South America, kawiri, mu 2019 ndi 2022. Uruguay ili ndi anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, osafika ngakhale theka la anthu a chigawo chapakati chino, koma ana ake amayamba ligi yolongosoka ya ana, imene amaitcha baby fútbol, asanayambe n'komwe kulemba bwino dzina lawo. Mu 2023 anatenga chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 20.

Ndipo pali tchimo lathu lija, limene nanenso ndinalichita. Pa mipikisano ya sukulu tinkatenga mnyamata wa ndevu zometa, wa zaka 19, n'kumulemba 15 kuti titenge chikho cha zoni. Tinkaseka, tinkati ndi nzeru. Sikauti amagula zaka zimene zili kutsogolo kwa mwana, ndiye akakayika tsiku lobadwa amatseka buku n'kupita kwina. Masiku ano pa mipikisano ya osapitirira zaka 17 amajambula fupa la padzanja ndi makina a MRI, ndipo Cameroon inachita manyazi kumayambiriro a 2023 pomwe anyamata 21 mwa 30 analephera. Mwana wa ku Palmeiras akati ali ndi zaka 16, palibe amene amafunsa kawiri.

Choncho musanagule mpira wina, gulani kope lachikuto cholimba. Mwana aliyense tsamba lake: dzina, mudzi, mfumu, tsiku lobadwa lochokera pa chiphaso chobadwira kapena pa khadi la kusikelo, osati la pakamwa, ndi tsiku limene analowa timu yanu, kholo lisainire. Mukatero mupite kwa a komiti ya mpira ya boma lino mukafunse kalembetsedwe ka timu ya achinyamata. Mukapeza wa foni yabwino, azijambula gemu yonse ataima pachulu, osati tizidutswa ta zigoli tokha.

Loweruka la mawa lino ndikupita ku Lilongwe kukaona mdzukulu, ndidzatsika pa Linthipe cha m'ma 2 koloko. Ndili ndi mipira iwiri ya saizi 4 imene yakhala pansi pa bedi chipumireni ntchito, pampu ndilibe. Mudzabwere ndi kopelo ndidzalione.